Manja awiri, makamera atatu: lipoti la ukwati umene ndinajambula zithunzi ndi vidiyo ndili ndekha

Mkwati ndi mkwatibwi anandipeza kutatsala miyezi iwiri kuti tsiku lawo lifike. Anali ataona zithunzi za maukwati ena amene ndinajambulapo, ndipo zokambirana zinayenda bwino mpaka pamene mkwati anati, "Achimwene, poti kamera yanuyo imajambulanso vidiyo, simungadzangotichitira zonse ziwiri?" Ndalama zimene anapatula zinkakwanira wojambula mmodzi basi. Funso limeneli ndimalimva pafupipafupi, ndipo nthawi zambiri ndimakana. Tsiku limenelo ndisanayankhe, mkwatibwi anawonjezera kuti bambo ake akhala akudwala chaka chonse, mawu awo ayamba kuchepa mphamvu, koma atsimikiza kuti adzalankhula pa phwando. "Zithunzi ndikuzifuna," anatero, "koma chimene sindikufuna kuti chidzatayike ndi mawu a bambo anga."

Ndinavomera chifukwa cha zimenezo. Anali atandiuza chimene chili patsogolo, ndipo munthu amene akufuna kusenza ntchito ziwirizi yekha ayenera kudziwa chimenecho asanagwire kamera. Lipotili ndalilembera anzanga amene akufunsidwa funso lomweli, kuti aone mmene ntchitoyo inayendera, pamene inakoma ndi pamene zinthu zinanditayika.

Kamera imatha zonse, koma osati nthawi imodzi

Kuyambira mu 2008, pamene Nikon D90 ndi Canon EOS 5D Mark II zinatuluka zikutha kujambula vidiyo, anthu ambiri amaona ngati zithunzi ndi vidiyo zimangosiyana batani. Kamera imathadi zonse ziwiri, koma chilichonse chimafuna katcheredwe kakekake.

Chithunzi chimaimitsa nthawi. Munthu woyenda ndimamujambula pa shutter (nthawi imene kamera imatseguka kulowetsa kuwala) ya 1/250 ya sekondi, wovina pa 1/500. Vidiyo ya mafelemu 25 pa sekondi imafuna 1/50, kuti felemu iliyonse ikhale ndi kachimbuuzi pang'ono kamene kamachititsa kuti kuyenda kwa munthu kuoneke kwachibadwa. Kuwala kolowa pa 1/50 kumawirikiza ka 10 poyerekeza ndi kolowa pa 1/500. Panja dzuwa likuswa mtengo, chithunzi chimatuluka bwino pa ISO 100 (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala), f/16 (kukula kwa bowo la lenzi, limene limachepa nambalayo ikamakula) ndi 1/100. Kuti vidiyo ijambulike pa 1/50 ndi f/2.8 padzuwa lomwelo, pamafunika fyuluta ya ND64, yochepetsa kuwala ndi masitopu 6 (sitopu iliyonse imadula kuwala ndi theka). Mukalowa nayo fyuluta imeneyo m'tchalitchi mwa mdima, zonse zimada bii.

Manambala amenewa munthu amawazolowera. Chovuta kuzolowera ndi thupi. Wojambula zithunzi sakhala malo amodzi: amanjuta, amaimirira, amatembenuza kamera choimika, amasaka kamphindi kamodzi n'kudina. Wojambula vidiyo amaima nji, amayamba kujambula chinthu chisanachitike, ndipo saleka mpaka chitatha, ngakhale mtima ukumuuza kuti kumbuyo kwake kukuchitika zina zokoma. Mavidiyo anga oyambirira anali tizidutswa ta masekondi atatu kapena anayi, chifukwa chala chinazolowera kudina n'kuchoka. Kachidutswa kotero sikalumikizika ndi kanzake. Masiku ano ndimawerenga chamumtima mpaka 10 ndisanazimitse.

Ena amati angojambula vidiyo ya 4K tsiku lonse, zithunzi adzadula m'vidiyomo. Felemu ya 4K ndi 3840 x 2160, pafupifupi mamegapikiselo 8.3, pamene chithunzi cha kamera yanga ndi 24. Kukula kokhako sikungadetse nkhawa kwambiri. Chimene chimaononga ndi shutter ya 1/50 ija: dzanja likangosuntha, felemuyo ili mbuu. Komanso felemu ya vidiyo ilibe mpata wokonza kuwala ndi mtundu umene fayilo ya RAW (chithunzi chosakonzedwa, chosunga zonse zimene kamera yaona) imapereka. Ndimaiona ngati njira yopulumukira zikavuta, ndipo pa ukwati uwu inandipulumutsadi kamodzi, koma si maziko omangapo ntchito.

Zimene tinagwirizana

Tinakhala pansi atatu ndi pepala limodzi, n'kugawa tsiku lonse m'magulu atatu. Gulu loyamba linali la nthawi zimene manja anga adzakhale pa zithunzi: kulowa kwa mkwatibwi, kuvekana mphete, kusaina, kutuluka, ndi zithunzi za achibale. Lachiwiri linali la vidiyo: malumbiro, zolankhula zonse, makamaka za bambo a mkwatibwi, ndi mphindi yoyamba ya kuvina kwa awiriwo. Lachitatu linali la zinthu zimene zingathe kubwerezedwa popanda kunamiza aliyense, monga kumanga tayi, kuvala nsapato, ndi kuyenda kwa awiriwo pa nthawi imene tili tokha.

Ndinawauza poyera kuti pa nthawi ya gulu loyamba vidiyo idzadalira kamera yoima payokha, yopanda munthu kumbuyo kwake, ndipo china chikadzaitchinga sindidzadziwa. Pa nthawi ya gulu lachiwiri zithunzi zidzakhala zochepa. Zonsezi zinalembedwa m'pangano, pamodzi ndi zimene adzalandire: zithunzi zosachepera 400, vidiyo yaifupi ya mphindi 8 mpaka 10, mwambo wonse wa m'tchalitchi, ndi zolankhula zonse zosadula. Mkwati anaseka, akuti pepalalo likuchita ngati la kubanki. Ndinamuyankha kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ndi bwino tidziwiretu phanga lothawira mvula isanagwe.

Zida zinali izi. Makamera awiri ofanana opanda galasi m'kati, amene m'lipoti muno ndiwatcha A ndi B, onse olowa makadi awiri osungiramo zojambulidwa. A inali ya zithunzi, pa lamba wa paphewa, ndi lenzi ya 24-70mm f/2.8, nthawi zina ya 70-200mm. B inali ya vidiyo ya 4K, pa monopod (choimikapo kamera cha mwendo umodzi), ndi lenzi ya 24-105mm ndi fyuluta ya ND yosinthika. Kamera yachitatu, C, inali yakale, yojambula 1080p yokha, pa tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu). Gimbal, chogwirira kamera chimene chimailetsa kugwedezeka munthu akamayenda, ndinaisiya kunyumba dala. Imadya manja onse awiri, ndipo sungaiike pansi msanga chinthu chikachitika, pamene monopod umangoitsamiritsa paphewa n'kugwira kamera ina. Za mawu ndinatenga tirekoda titatu, tiwiri tokhala ndi timaikolofoni topanira pa chovala, tojambula mu 32-bit float (kajambulidwe kosunga bwino mawu otsika ndi okwera omwe), ndi kena kolumikiza ku mikisa, makina oyendetsera zokuzira mawu. Tonse ndinatitchera pa 48 kHz, mofanana ndi makamera.

Kutatsala masiku awiri ndinapita kukaona tchalitchi ndi holo, pa maola omwe mwambo udzachitike. Ulendo umenewu unandiululira vuto la magetsi a LED a m'tchalitchimo. Nditayesa shutter yopanda phokoso pa 1/500, chithunzi chinatuluka ndi mizeremizere yopingasa. Magetsi a 50 Hz amaphethira ka 100 pa sekondi, maso saona koma sensa, kachipangizo kolandira kuwala m'kamera, imaona. Pa 1/100 ndi 1/50 mizereyo inatha. Kumene magetsi ndi 60 Hz manambalawo amakhala 1/120 ndi 1/60. Choncho ndinadziwa kuti m'tchalitchi ndili ndi njira ziwiri zokha: shutter yachete pa 1/100, kapena shutter wamba yothamanga koma yomveka m'maikolofoni. Ndinaonananso ndi abusa, amene anandipatsa ndondomeko ya mwambo ndi kundilozera pamene ndiloledwa kuima. Pa ndondomekoyo panali nyimbo pakati pa malumbiro ndi mphete. Ndinaidula mzere kunsi, chifukwa nyimbo imeneyo ndiyo inali mpata wanga wosiya B, kutenga A, ndi kukasuzumira C.

M'mawa ndi m'tchalitchi

Nthawi yokonzekera inali yophweka ndipo sindichulukitsapo mawu. Chipinda chinali ndi zenera lalikulu, ndinazimitsa magetsi a m'denga kuti kuwala kukhale kwa mtundu umodzi, ndipo chilichonse ndinkachijambula kawiri, zithunzi poyamba, vidiyo pambuyo. Ndimayamba ndi zithunzi chifukwa nkhope imakhala isanatope. Karekoda ndinakaika m'thumba la m'kati la jekete la mkwati, kamaikolofoni pachifuwa, ndinakayatsa, n'kumata tepi pa mabatani. Ndinamuuza kuti kuyambira pamenepo chilichonse chimene alankhule chikujambulidwa, ndipo akafuna kupita kuchimbudzi kapena kunena zachinsinsi andikodole. Munthu ayenera kuuzidwa zimenezi, ndi ulemu wake.

Mwambo unayamba mochedwa ndi mphindi 40. C ndinaiimika kumbuyo, chapambali pa kanjira ka pakati pa mabenchi, n'kuikweza kupitirira mitu ya anthu okhala pansi. Kamera imeneyi, monga makamera ambiri a nthawi yake, imadzizimitsa ikajambula mphindi 29 ndi masekondi 59, malire amene opanga ankaika pozemba msonkho umene mayiko a ku Ulaya ankalipiritsa pa makamera a vidiyo. Ndinatchera wotchi ya pamkono kuti izinjenjemera mphindi 25 zilizonse. Kulowa kwa mkwatibwi ndinajambula ndi A monga tinagwirizana, ndili kutsogolo, B itaima pa monopod yotsamira benchi, italoza nkhope ya mkwati ikujambula yokha. Felemu yake inapendekeka pang'ono koma nkhopeyo inalowa. Wotchi itanjenjemera koyamba, anthu ali pa nyimbo, ndinazungulira kumbuyo n'kuyambitsanso C. Panatayika masekondi 8 a nyimbo, palibe amene angawafunse.

Pa malumbiro ndinaima kumbali ya mkwati, B italoza nkhope ya mkwatibwi. Mawu ake ankalowa bwino m'kamaikolofoni ka pachifuwa pa mkwati, poti anayandikana. Sindinadine chithunzi ngakhale chimodzi mpaka onse awiri atamaliza.

Apa ndi pamene dongosolo linasweka. Pofuna kubweza nthawi imene inatayika, abusa anadumpha nyimbo ija. Mkwatibwi atangomaliza mawu ake omaliza, ndinamva akuitanitsa mphete. Ndinali ndi masekondi ochepa. Ndinatsamiritsa monopod paphewa, B ikujambulabe koma italoza pansi, ndinakweza A n'kusendera kutsogolo masitepe awiri. Zithunzi za mphete zinatuluka bwino kwambiri, manja onse awiri akuoneka, nkhope zili m'mwamba mwake. Mtima unali m'malo poganiza kuti C yagwira zonse. Chimene sindinaone n'chakuti mlendo wina anaimirira m'kanjira kaja, atakweza tabuleti m'mwamba ndi manja awiri, patsogolo penipeni pa lenzi ya C. Anaima pamenepo masekondi pafupifupi 20, kuyambira mphete yoyamba mpaka yachiwiri. Ndinazindikira usiku, ndikukopera makadi.

Mlendoyo sindimuimba mlandu. Ankafuna chikumbutso chake, ndipo panalibe chomuuza kuti kumbuyo kwake kuli kamera imene ikugwira ntchito. Cholakwa chinali pa kaimikidwe kanga. Ndinayeza kutalika kwa tripod ndi mitu ya anthu okhala pansi, osaganizira munthu woimirira wokweza manja. Ndikanaikweza mpaka mamita awiri ndi theka, kapena kuiika kutsogolo chapambali kumene alendo safika, kapenanso kupempha wachibale mmodzi kuti akhale pafupi nayo.

Zithunzi 34 za potuluka

Cholakwa chachiwiri chinali changa ndekha. Pa kusaina ndinali nditaika lenzi ya 70-200mm pa A. Awiriwo atayamba kutuluka, anthu anadzaza kanjira, ndipo ndinapezeka ndili pafupi nawo kwambiri moti lenzi yaitaliyo sikanagwira ntchito. M'malo mosintha lenzi, ndinatembenuza B kuchoka pa vidiyo kupita pa zithunzi n'kuyamba kudina ndikubwerera chafutambuyo. Makamera ambiri atsopano amalola kuti katcheredwe ka zithunzi ndi ka vidiyo kasungidwe padera. Pa A ndinali nditachita zimenezo kalekale, koma pa B ayi, poti m'maganizo mwanga inali ya vidiyo basi. Shutter inatsalira pa 1/50. Iwo akuyenda, ine ndikuyenda. Pa kagalasi ka kumbuyo kwa kamera zithunzizo zinkaoneka zabwino, chifukwa pa kagalasi kakang'ono chimbuuzi sichioneka. Pa zithunzi 34, zitatu zokha n'zimene zinali zakuthwa moti n'kuperekedwa.

Titafika pakhomo anaima kulandira moni, ndipo pamenepo ndinapeza mpata wobwezera 24-70mm pa A. Zithunzi za pakhomopo n'zokongola, koma si zimene ndinalonjeza. Kutuluka kunali m'gulu la zithunzi, ndipo ndinapereka zitatu pamene ndikanapereka 15.

Zithunzi za achibale zinatenga mphindi 35, vidiyo ndinaiiwala dala. Kenako tinapatukana ndi gulu kwa mphindi 25, atatu tokha. Iyi ndiyo nthawi yokhayo pa tsiku lonse imene munthu mmodzi angachite ntchito ziwirizi popanda kutaya kanthu, chifukwa ndi iye amene akulamula nthawi. Pamalo alionse ndinkayamba ndi zithunzi, kenako n'kunena kuti, "Tsopano yendani pang'onopang'ono kubwera kuno, muziyang'anana, ine musandione." Zimenezi ndinkajambula pa mafelemu 50 ndi shutter ya 1/100, kuti pokonza ndidzathe kuchepetsa liwiro ndi theka. Theka la vidiyo yaifupi ija linachokera m'mphindi 25 zimenezi.

Mawu a bambo

Kuholo ndinafika alendo asanalowe. Ndinapempha woyendetsa zokuzira mawu kuti andipatse waya wochokera ku mikisa, tinayesa, zinamveka bwino. Koma mawu a ku mikisa sindiwadalira okha, chifukwa woyendetsayo amakweza ndi kutsitsa malinga ndi zimene zikumveka m'holo, osati zimene zikulowa mu rekoda yanga. Ndinapita kwa bambo a mkwatibwi, amene anali atakhala kale pampando, ndinagwada pambali pawo n'kuwapempha kuti ndiwapanire kamaikolofoni pa jekete. Anafunsa ngati kadzawapweteke kapena kuwavutitsa poimirira. Ndinati, "Ayi bambo, mungokaiwala. Mulankhule mmene mumalankhulira kunyumba." Karekoda kamene kanali kwa mkwati ndinakachotsa n'kukamatirira pa maikolofoni ya m'manja imene olankhula onse ankapatsirana. Choncho mawu a bambowo ankalowa malo atatu.

Ndinali nditaimika nyali imodzi ya LED poloza pamene olankhula ankaima. Nthawi yawo itakwana, bambowo anayesa kuimirira koma miyendo inakana, ndipo analankhula ali pampando pomwepo, kutali ndi nyali yanga. Ndinanyamula B, imene tsopano inali pa tripod, n'kuisendeza, ndinakweza ISO mpaka 6400, ndipo sindinaikhudzenso. C ndinali nditailozetsa kale pa tebulo la mkwati ndi mkwatibwi. Bambowo anagwira maikolofoni pamimba, kutali ndi pakamwa, ndipo mawu awo anali apansipansi. Woyendetsa mikisa anakweza kwambiri kuti anthu amve, masipika analira kawiri, ndipo anthu atawomba m'manja mawu a ku mikisa anaphwanyika osakonzekanso. Kamaikolofoni ka pa jekete, kamene kanali masentimita 20 okha kuchokera pakamwa, kanagwira liwu lililonse, mpaka kupuma kwawo. Ubwino wa 32-bit float ndinauona apa. Sindinafunike kulosera kukwera kwa mawu pasadakhale: mawu otsika ndinawakweza pa kompyuta, ndipo kuwomba m'manja sikunaphwanye kanthu. Koma chimene chinapulumutsa mawuwo kwenikweni ndi kuyandikira kwa kamaikolofoniko. Rekoda yabwino ikakhala patali imajambula phokoso la holo.

Ali m'kati molankhula, mayi ena achikulire, amene pambuyo pake ndinamva kuti ndi azakhali a mkwati, anandikoka malaya. Ankafuna ndiwajambule ndi adzukulu awo, amene makolo awo anali pafupi kunyamuka. Ndinawanong'oneza kuti, "Pepani amayi, mundidikire pang'ono, bambowa akangomaliza ndikupezani." Nkhope yawo inagwa, ndipo anabwerera osayankha. Kwa mlendo, munthu wonyamula kamera amene wangoima osadina ndiye kuti alibe chochita. Sadziwa kuti kuima kumeneko ndiyo ntchito. Bambowo atamaliza ndinathamangira kwa mayiwo, ndinapeza ana awiri mwa anayi atapita kale. Chithunzi chimene ankafuna sichinajambulidwe, ndipo sichidzajambulidwanso. Tikanakhala awiri, mnzanga akanapita.

Pa mphindi pafupifupi 7 zimene bambowo analankhula ndinadina zithunzi zisanu zokha, ndi shutter yachete pa 1/100, popanda fulashi, nditaima pambali pa tripod. Sindinasunthe kupita kutsogolo kwa mkwatibwi, ngakhale ndinkaona kuti misozi ikutsika, chifukwa ndikanadutsa pakati pa iye ndi bambo ake, ndiponso ndikanasiya B yopanda woiyang'anira pa chinthu chimene anandilembera ntchito. Nkhope yake inagwidwa ndi C. Felemu ya 1920 x 1080 ili ndi mamegapikiselo awiri okha, ndipo ikasindikizidwa pa 300 dpi (madontho 300 pa inchi iliyonse) imakwana masentimita pafupifupi 16 m'litali ndi 9 m'lifupi. Poti anakhala duu osasuntha, felemu imodzi inatuluka yakuthwa, ndipo inalowa mu alubamu ngati kachithunzi kakang'ono pakona pa tsamba. Pakhoma singapachikidwe.

Pa kuvina, mdani anali fulashi. Sensa za makamera ambiri zimawerenga felemu mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika pansi, pamene kung'anima kwa fulashi kumatha m'kanthawi kochepa kwambiri kuposa kuwerengako. Zotsatira zake n'zakuti m'vidiyo theka la felemu limayera mbee, theka lina lili mumdima. Ndinagawa nyimboyo pawiri: mphindi yoyamba vidiyo ndi nyali ya LED yokha, fulashi itazimitsidwa, kenako ndinaika B pansi n'kujambula zithunzi ndi fulashi mpaka nyimbo itatha. Zimene C inajambula m'gawo lachiwirilo sindinazigwiritse ntchito.

Pa kompyuta

Usiku womwewo ndinakopera makadi onse pa ma hard drive awiri ndisanagone, ndipo makadiwo sindinawafufute mpaka ntchito itaperekedwa. Vidiyo ya 100 Mbps imadya pafupifupi 45 GB pa ola, choncho maola awiri ndi theka a B anapitirira 110 GB, kuposa zithunzi zonse za tsikulo. Zithunzi ndinajambula pafupifupi 1,900 n'kupereka 420. Pa ukwati wotalika chimodzimodzi, ndikamajambula zithunzi zokha, ndimapereka pafupifupi 600, ndipo zimene zinasowa pano ndi za alendo: ana akusewera, anthu akuseka pa matebulo, okalamba akucheza. Zimenezo zimajambulidwa pa nthawi imene ulendo uno ndinali kusintha mabatire, kuyang'ana tirekoda ndi kunyamula tripod.

Kusankha ndi kukonza zithunzi mu pulogalamu ya Lightroom kunanditengera masiku atatu. Vidiyo inatenga masiku 8. Aliyense amene akuika mtengo pa ntchito yotere aziwerengera masiku amenewa, chifukwa tsiku la ukwatilo ndi gawo laling'ono la ntchitoyo. Kulumikiza mawu ndi zithunzi mu DaVinci Resolve kunayenda msanga, poti pulogalamuyo imafananiza mafunde a mawu a mu rekoda ndi a m'kamera. N'chifukwa chake maikolofoni ya m'kamera siyenera kuzimitsidwa ngakhale mawu ake sadzagwiritsidwa ntchito. Chimene chinandidyera nthawi ndi mtundu. Pa B ndinali nditakhoma white balance (katcheredwe kochititsa kuti choyera chioneke choyera) pa nambala imodzi m'chipinda chilichonse, koma C ndinaisiya kuti izidzisankhira, ndipo mtambo ukadutsa pazenera diresi loyera linkasintha kuchoka kuchikasu kupita kubuluu m'kati mwa chiganizo chimodzi cha abusa. Chithunzi cha RAW chikanakonzeka m'sekondi imodzi. Vidiyo ya 8-bit, imene ilibe mpata waukulu wotere wokonza mtundu, ndinachita kuiduladula n'kukonza chidutswa chilichonse pachokha. Nyimbo za m'vidiyo yaifupi ndinagula zokhala ndi chilolezo, chifukwa YouTube ndi Facebook zimazindikira nyimbo za eni ake ndipo zimatha kutseka mawu kapena vidiyo yonse.

Masekondi 20 a mphete aja ndinawaganizira tsiku lathunthu. Mawu analipo onse, oyera, kuchokera pachifuwa pa mkwati. Ndinaika mawuwo pansi, pamwamba pake n'kuyala zithunzi zinayi za mphete zimene ndinajambula ndi A, chilichonse masekondi asanu, osachigwedeza kapena kuchikometsera. Ndinaganizapo zowapempha kuti tidzabwereze kuvekana mpheteko tsiku lina, ndijambule manja okha n'kulowetsa pamenepo. Ndinakana ganizolo. Mu vidiyo ya mwambo wonse, chimene chikuoneka chiyenera kukhala chimene chinachitika pa nthawiyo.

Popereka ntchito sindinadikire kuti azindikire okha. Tisanayambe kuonera ndinawauza zinthu zitatu: kuti mphete zili m'zithunzi osati m'vidiyo ndi chifukwa chake, kuti zithunzi za potuluka ndi zitatu zokha chifukwa cha kulakwitsa kwanga, ndi kuti azakhali sanapeze chithunzi chawo. Pa cholakwa cha potulukacho ndinawabwezera gawo la malipiro, ngakhale chiwerengero cha zithunzi za m'pangano chinakwana. Mkwati anakhumudwa ndi za potulukazo, ndipo ananena mosabisa kuti chinali chithunzi chimene ankafuna kukuza. Anali ndi chifukwa chomveka. Za azakhali anati akawapepesa yekha.

Kuchokera pa ukwati umenewu ndinasintha zinthu zingapo. Makamera onse awiri tsopano ali ndi katcheredwe ka zithunzi kosiyana ndi ka vidiyo, ndipo ndimayesa kutembenuza m'mawa uliwonse ndisananyamuke. Kamera yoima yokha imakwera pamwamba pa munthu woimirira, white balance itakhomedwa. Womangitsa ukwati ndimamufunsa funso limene kale sindinkafunsa: nthawi ikatha, mudzadumpha chiyani? Ndipo ndimavomera kugwira ndekha pokhapokha ngati alendo ndi ochepa, malo ndi amodzi kapena oyandikana, ndiponso eni ukwati atha kundiuza chinthu chimodzi chimene chili patsogolo pa zonse. Akati zonse n'zofunika mofanana, ndimawauza kuti pafunika anthu awiri, ngakhale wachiwiriyo atabwera maola atatu okha a mwambo ndi zolankhula.

Titafika pa zolankhula za bambo ake, mkwatibwi anapempha kuti ndibwezere poyambira, ndipo ulendo wachiwiri anamvetsera atatsinzina. Kenako anafunsa ngati n'zotheka kumupatsa mawu okhawo, opanda chithunzi ndi nyimbo, kuti aziwamvera pa foni. Ndinadula fayilo ya kamaikolofoni ka pa jekete kuyambira pamene bambowo anakonza kukhosi mpaka pamene kuwomba m'manja kunatha, mphindi 6 ndi masekondi 52, ndipo ndinamutumizira madzulo omwewo.